Mlendo wa ku Luangwa ndi wathunso

 Lero tikambirana za ntchito yokopa alendo, ndipo tiyambira pa nkhani ya mtunda. Munthu akatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe n'kukwera galimoto kulowera ku Mchinji, n'kudutsa pa Mwami ndi pa Chipata, amakafika ku Mfuwe, pakhomo pa nkhalango ya South Luangwa, atayenda makilomita pafupifupi 300. Wotsikira ku Lusaka amayenda pafupifupi 700 kuti akafike pamalo omwewo. Ndiye kuti likulu limene layandikana kwambiri ndi nkhalango imene dziko la Zambia limanyadira ndi Lilongwe, osati Lusaka. Kuchokera ku Lilongwe komweko, mchenga wa ku Senga Bay uli pa ulendo wa maola awiri okha. Zinthu ziwirizi zinaikidwa moyandikana chonchi, koma mayiko athu akapita ku ziwonetsero za malonda ku Berlin kapena ku Durban, aliyense amakayala zake payekha ngati kuti mnzake kulibe. Maganizo anga ndi akuti dziko la Malawi silingapite patali pa malonda amenewa likamadzigulitsa lokha, ndiponso kuti mgwirizano umene tikuufuna tisamauyeze ndi mapangano osainidwa m'mahotela. Tiziuyeza ndi zimene zimachitikira mlendo pa chipata cha m'malire, ndi zimene zimachitikira mlimi wokhala m'mphepete mwa nkhalango.

Tiganizire kaye mmene mlendo wochokera kutali amakonzera ulendo wake. Munthu wa ku Germany, ku America kapena ku China amasunga ndalama nthawi yaitali, amagula tikiti ya ndege yokwera mtengo, ndipo kuntchito amupatsa masabata awiri kapena atatu basi. Akakhala pansi ndi wokonza maulendo, mayina a mayiko sakhala patsogolo. Iye amanena zimene akufuna kukaona: mathithi aakulu, mikango ndi anyalugwe, kenako masiku angapo opumula pafupi ndi madzi asanabwerere kwawo kozizira. Zili ngati mayi amene wapita ku msika kukagula ndiwo zamadzulo. Wogulitsa usipa ndi wogulitsa tomato sapikisana, chifukwa mayiyo akufuna zonse ziwiri, ndipo msika umene uli ndi usipa wokhawokha adzaulambalala n'kupita kumene angapeze zonse pamodzi. N'zoona kuti nyama zabwerera m'nkhalango zathu. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kugwira ntchito ndi boma mu 2003, lero kuli mikango, njovu, njati, anyalugwe ndi zipembere, ndipo ku Liwonde nako zinthu zasintha kwambiri kuyambira mu 2015. Komabe tisadzinamize. South Luangwa ndi nkhalango ya masikweya kilomita oposa 9,000 ndipo dzina lake linamveka kale padziko lonse. Anzathu a ku Zambia nawo ali ndi nyanja, Kariba ndi Tanganyika, koma zonsezo zili kutali ndi Luangwa, ndipo gombe lamchenga loyandikira Mfuwe ndi lathu lino, la nyanja imene nsomba zake za mbuna zinachititsa bungwe la UNESCO kuika nkhalango ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Umboni woti mayiko awiri angathe kugulitsa chinthu chimodzi sitiufuna kutali. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Victoria Falls, ali pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mlatho umene unamangidwa mu 1905 ndiwo umalumikiza tawuni ya Livingstone ndi ya Victoria Falls. Matawuni awiriwa amalimbirana alendo tsiku ndi tsiku, ndipo pamene chuma ndi ndale za Zimbabwe zinasokonekera m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, mahotela a ku Livingstone ndiwo anadzaza. Ngakhale zinali choncho, mu Ogasiti 2013 mayiko awiriwa anachititsa limodzi msonkhano waukulu wa nthambi ya United Nations yoona za zokopa alendo, nthumwi zikuwoloka mlathowo uku ndi uku. Chaka chotsatira, mu Novembala 2014, anayambitsa viza imodzi ya mayiko onse awiri yotchedwa KAZA Univisa, ya madola 50 a ku America, yolola mlendo kuyenda pakati pa Zambia ndi Zimbabwe kwa masiku 30 komanso kukacheza tsiku limodzi ku Botswana kudzera pa Kazungula. Viza imeneyi inaimitsidwapo kwa kanthawi n'kuyambiranso mu Disembala 2016, zimene zikusonyeza kuti ntchitoyi si yofewa. Koma inachokera mu pangano lalikulu limene mayiko asanu, Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anasainira ku Luanda mu 2011, logwirizanitsa dera la masikweya kilomita pafupifupi 520,000. Kum'mawa kwa Africa nako, Kenya, Rwanda ndi Uganda anayambitsa viza imodzi ya madola 100 m'chaka chomwecho cha 2014, kuti wokaona mikango ku Maasai Mara akaonenso anyani akuluakulu a m'mapiri a Rwanda ndi Uganda osafolanso pa mzere kachitatu.

Ife nafenso pangano tili nalo, ngakhale kuti anthu ambiri sanalimvepo. Mu Ogasiti 2004 mayiko a Malawi ndi Zambia anagwirizana zoyamba kusamalira limodzi nkhalango za m'malire, ndipo pa 7 Julaye 2015, mu mzinda wa Blantyre, Pulezidenti Peter Mutharika ndi Pulezidenti Edgar Lungu anasainira pangano lenileni. Dera lake ndi loposa masikweya kilomita 32,000 ndipo lili m'zigawo ziwiri. Kumpoto kuli Nyika, Vwaza ndi North Luangwa pamodzi ndi nkhalango zina zapakati pake, ndipo chapakati kuli Kasungu ndi Lukusuzi. Aliyense amene anakwerapo phiri la Nyika akudziwa kuti kumeneko malire ndi a pamapu chabe. Msewu wopita ku Chelinda umayenda m'malire mwenimwenimo, ndipo kachigawo ka Nyika ka ku Zambia, kumene kuli nkhalango ya Chowo, njira yake yabwino yofikirako ndi yodzera ku Rumphi kwathu kuno. Mbidzi, ntchefu ndi achilembwe amadya msipu mbali zonse ziwiri. Panganoli lathandiza pa chitetezo cha nyama, chifukwa alonda a nkhalango a mayiko awiriwa amayendera limodzi malire ndi kupatsana uthenga wa opha nyama mozemba, amene kale ankangodumpha mzere n'kukhala kuti apulumuka. Mu 2023 boma la Malawi linasainiranso mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Zonsezi n'zabwino, koma funso la wokonza maulendo lidakalipo: kodi mlendo amene ali ku North Luangwa lero angagone ku Chelinda mawa osazunzika?

Pamenepa ndi pamene pali mpata waukulu pakati pa zolembedwa ndi zochitika. Ku Kgalagadi, nkhalango imene Botswana ndi South Africa anatsegula limodzi mu 2000, mlendo amatha kuyenda mbali zonse ziwiri popanda kudinditsa pasipoti, bola atulukire m'dziko lomwe analowera. Kwathu kuno, woyendetsa galimoto ya alendo kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mfuwe amayenera kukhala ndi chilolezo chotulutsira galimotoyo, inshuwalansi yovomerezeka kutsidya, ndalama za msonkho wa msewu, za msonkho wa utsi ndi za khonsolo, chilichonse pa windo lakelake, ndipo anzathu a ku Zambia akamabwera kuno amakumananso ndi mapepala athu. Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira mu Disembala 2022, chinachepetsa vutoli popeza munthu amaima kamodzi m'malo moima kawiri, ndipo tiyenera kuchiyamikira. Koma chinamangidwa poganizira kwambiri mathiraki a katundu, ndipo kuphatikiza maofesi m'nyumba imodzi sikuchotsa misonkho yokhayo. Kumpoto, kumene panganolo limanena za Nyika ndi Luangwa, misewu yolumikiza nkhalangozi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja ina siyendeka n'komwe. Wokonza maulendo ku Frankfurt sawerenga mapangano a boma. Iye amafunsa maola amene alendo ake adzataye pa chipata, ndipo akamva kuti sizidziwika, amafufuta dzina la dziko lachiwirilo pa pulogalamu.

Alipo otsutsa amene ali ndi mfundo yomveka. Iwo amati tikatsegula kwambiri njira, dziko la Malawi lidzasanduka podutsira chabe: mlendo adzatsika ku Lilongwe, kugona usiku umodzi, m'mawa n'kuthamangira ku Luangwa kumene akasiye madola ake onse, ife n'kutsala ndi fumbi la galimoto yake. Mantha amenewa si opanda pake, pakuti dziko laling'ono likagwirizana ndi lalikulu limatha kumezedwa. Koma tiyeni tione mmene zinthu zilili panopa. Mlendo amene timaopa kuti atidutsa ndi amene lero sabwera n'komwe, chifukwa amatsikira ku Lusaka, kukwera kandege kupita ku Mfuwe, n'kukamalizira ulendo wake ku Zanzibar kapena ku Mauritius. Amene tikupikisana nawo pa masiku ake omalizawo ndi a zilumba za m'nyanja yamchere, osati a Chipata. Chimene chingamusunge kuno si kumuvutitsa pa malire, koma kumupatsa chifukwa chokhalira: msewu wabwino wa ku Salima ndi ku Mangochi, boti lodalirika lopita ku Likoma, magetsi osathimathima, ndi wophika amene amadziwa kukonza chambo. Ndiponso njira imayenda mbali ziwiri. Msewu umene ungatengere mlendo wathu ku Mfuwe ndi womwewo umene ungabweretse wa ku Mfuwe ku Nkhata Bay, ndipo poti alendo a ku Luangwa ndi ochuluka kale, wopindula kwambiri ndi ife.

Ena ankati nkhani ya viza imodzi yatha ntchito, popeza mu Febuluwale 2024 boma la Malawi linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, dziko la Zambia linali litachita zofananazo kwa mayiko ambiri mu 2022, ndipo la Mozambique linatsatira mu 2023. Enanso ankadandaula mbali ina, kuti kuchotsa viza n'kutaya ndalama zakunja zimene boma likuzisowa, komanso kutsegulira khomo akuba ndi ozembetsa anthu. Mbali zonse ziwirizi zinkaphonya chinthu chimodzi. Chimene nduna imodzi yalengeza payokha, nduna ina ingathe kuchifuta payokhanso, pamene makampani a maulendo amasindikiza mitengo yawo chaka chathunthu ulendo usanachitike, ndipo palibe chimene amadana nacho ngati lamulo losinthasintha. Pangano la mayiko angapo limavuta kulithyola, ndipo kulimba kwakeko ndiko kumene msika umagula. Pa za ndalama, tiyerekeze madola makumi angapo a viza ndi zimene mlendo yemweyo amalipira pa masiku asanu: malo ogona, chakudya, boti, ziboliboli, womuperekeza, ndi msonkho umene boma limatenga pa zonsezo. Pa za chitetezo, wozembetsa anthu sadzera pa windo la a imigireshoni. Amadzera njira zachidule za m'midzi, ndipo zimenezo zilipo kaya viza ilipo kapena kulibe. Viza imodzi imakakamiza maofesi a mayiko awiri kulumikiza makompyuta awo ndi kudziwitsana za amene walowa, chimene ndi chitetezo choposa chidindo cha pa pepala.

Tisaiwalenso kuti mlendo si mzungu yekha. Alendo ochuluka olowa m'dziko muno amachokera m'mayiko oyandikana nafe, ndipo ulendo waukulu wodutsa malire m'dera lino sunayambitsidwe ndi unduna uliwonse. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa ndi anthu awo ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mabasi amanyamuka ku Lilongwe, ku Dedza, ku Kasungu ndi ku Tete, malo ogona a ku Katete ndi ku Chipata amadzaza, ndipo mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pa bwalo limodzi pa mwambowu. Pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inamulemba ngati chuma cha mayiko atatu onsewa. Angoni nawo ali chimodzimodzi. Ana a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, amakumana pa Nc'wala ku Mtenguleni kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni m'mwezi wa Febuluwale, ndi pa Umthetho ku phiri la Hora kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa m'mwezi wa Ogasiti. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, zili ndi zinzake m'mapanga a kum'mawa kwa Zambia. Munthu atafuna akhoza kukonza ulendo woyambira ku Mua, kumene kuli nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare, kudzera ku Chongoni mpaka ku Mkaika, ndipo ogula oyamba angakhale aphunzitsi, ana a sukulu ndi abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London amene akufuna kuti ana awo adziwe kwawo.

Apa pamabwera nkhawa ya akuluakulu, yoti mwambo ukasanduka malonda umatha mphamvu, ndipo chilombo chimene chinkatuluka pa maliro ndi pa chinamwali chimayamba kuvina pa khomo la hotela chifukwa cha ndalama. Nkhawayi ndi yoona ndipo zoterezi zikuchitika kale. Yankho lake lili mu mgwirizano womwewo, chifukwa mafumu a mayiko atatu akamanga mfundo imodzi pa zimene zingaonetsedwe ndi zimene ziyenera kutsala ku dambwe, wamalonda sangathawire kutsidya kukapeza zimene wakanizidwa kuno. Eni mwambo ndiwo akhale pa mpando pa nkhani imeneyi, maunduna azingothandiza misewu, zimbudzi, madzi ndi kufewetsa ziphaso za pa malire pa sabata ya mwambo.

Pa nyanja zinthu n'zosakanikirana. Ndi Mozambique malire anamveka kale mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kuti adutse pakati pa madzi, ndipo n'chifukwa chake zilumba zathu za Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Munthu ataima pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, amaona mapiri a ku Cobué pafupi kwambiri, ndipo anthu a mbali ziwirizi amalankhula Chinyanja chimodzi, amakwatirana, amagulitsana nkhuni ndi ufa. Malo ogona alendo a kutsidyako amadalira kwambiri alendo odzera ku Likoma, pamene sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira mu 1951, yakalamba ndipo nthawi yake yofikira pa doko ndi yongoyerekeza. Mu 2011 dziko la Mozambique linateteza mbali yake ya nyanja mwalamulo, koma nsomba zimene zikutha chifukwa cha maukonde a udzudzu sizidziwa kuti zili mbali iti. Kumpoto kuli mkangano ndi Tanzania. Dziko la Malawi limaima pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, loti malire ali pa gombe la kum'mawa, pamene Tanzania imati ali pakati pa nyanja. Nkhaniyi inatentha mu 2012 chifukwa cha zofufuza mafuta, ndipo amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano sanaithetse. Ena amati tisakambe za alendo ndi Tanzania mpaka mlanduwu utagamulidwa. Ine ndikuona kuti kudikira kotero n'kudzilanga tokha. Kugwirizana pa za chitetezo cha maboti, zopulumutsa anthu pa ngozi, ndi ulendo wodalirika pakati pa Nkhata Bay ndi Mbamba Bay sikutanthauza kuti tagonja pa za malire, ndipo mapangano otere amatha kulembedwa momveka kuti sakukhudza mlanduwo.

Tsopano tifike pa chitsutso cholemera kuposa zonse, chimene sichichokera m'maofesi koma m'midzi. Njovu za ku Kasungu, zimene m'zaka za m'ma 1970 zinali zoposa 1,000, zinatsala pafupifupi 50 pofika mu 2015 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu Julaye 2022 nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, inasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kudzutsa ntchito yokopa alendo kumeneko. Malire a kumadzulo a nkhalango ya Kasungu ndiwo malire a dziko, ndipo pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi pali midzi ndi minda ya anthu a ku Lumezi ndi ku Lundazi. Kuchokera nthawi imeneyo anthu afa mbali zonse ziwiri, minda ya chimanga yatheratu usiku umodzi, nkhokwe zagumulidwa, ndipo ena mwa okhudzidwa anakapeza maloya ku Britain, ngakhale kuti bungwe limene akulidandaulira likukana mlandu. Walira mvula walira matope, koma pano amene analira mvula ndi ena, amene akuponda matope ndi enanso. Mlimi wa ku Lumezi sanafunsidwe ndi boma la Malawi, ndipo alibe phungu ku Lilongwe woti akamudandaulire. Akamva mawu oti mgwirizano wa m'malire, iye amaona njovu yakunja m'munda mwake. Tisaiwalenso kuti pamene nkhalango ya Nyika inakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa pa malo a makolo awo, ndipo adzukulu awo nkhaniyo adakaikumbukira.

Kodi zimenezi zikugwetsa mfundo yathu? Ayi, zikuonetsa kuti mgwirizano wathu ndi wopereweza. Tinagwirizana zotsegulira nyama njira, osagwirizana za amene adzalipire nyamazo zikawononga. Njovu zidzadutsabe malire kaya pangano lilipo kapena palibe, ndiye chosowa ndi thumba limodzi la chipukuta misozi loyendetsedwa ndi mayiko onse awiri, gulu limodzi lothamangitsa nyama limene lingalowe mbali iliyonse osadikira kalata yochokera ku likulu, mpanda wamagetsi womangidwa nyama zisanafike osati maliro atachitika, ndi gawo lodziwika la ndalama za pa geti lopita ku midzi ya mbali zonse ziwiri. Nzeru imeneyi si yachilendo m'dera lino. Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912, anagwirapo ntchito kuno m'nthawi ya Nyasaland, ndipo anatchuka poyambitsa maulendo oona nyama wapansi ku Luangwa, anakambirana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti apatule malo osungira nyama, ndalama zolipira alendo zizipita kwa anthu a mfumuyo. Ntchito yokopa alendo ku Luangwa inayambira pa mgwirizano ndi mudzi. Kwathu kuno mabungwe a anthu ozungulira Nyika ndi Vwaza amalandira gawo la ndalama za nkhalangozo, koma alendo akachepa gawolo limakhala losaoneka, ndipo apa ndi pamene nkhani ya chipata ndi nkhani ya mudzi zikukumana: mlendo amene walephera kuwoloka malire ndi ndalama imene sinafike kwa mlimi uja.

Za ndege ndi zotsatsa malonda tingodutsapo mwachidule, popeza vuto lake n'lodziwika. Kuuluka pakati pa mizinda ya m'dera lino n'kokwera mtengo, ndipo nthawi zambiri munthu amazungulira ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Addis Ababa kuti akafike dziko loyandikana nalo. Mayiko a SADC anasainira pangano la zokopa alendo mu 1998, ndipo bungwe limene analipatsa ntchito yotsatsa dera lonse, RETOSA, linafooka mpaka kutsekedwa, mwa zina chifukwa mayiko sankapereka zopereka zawo. Phunziro lake n'lakuti kudikira kuti mayiko 16 agwirizane zonse nthawi imodzi n'kutaya zaka. Zambia ndi Zimbabwe anayamba awiri. Ifenso tiyambe ndi mnzathu mmodzi ndi njira imodzi, ya Mfuwe, Chipata, Lilongwe ndi nyanja, n'kuikonza mpaka iyende bwino, kenako tionjezere Likoma ndi Cobué, kenako Nyika ndi North Luangwa.

Masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo ngati imodzi mwa ntchito zoti zitukule dziko, ndipo boma lililonse limene lalowa limabwereza mawu omwewo. Choncho pempho langa likupita kwa inu aphungu a ku Mchinji, ku Kasungu, ku Rumphi ndi ku Likoma, pamodzi ndi anzanu a ku Chipata, ku Lumezi ndi ku Chama. Nyumba ya Malamulo ikakumana, funsani nduna kuti pangano la 2015 lafika pati pa zinthu zogwirika: galimoto ya alendo imatha maola angati pa Mwami, misonkho ya magalimoto idzaphatikizidwa liti, dziko la Malawi likuchitapo chiyani kuti lilowe mu viza imodzi ndi Zambia, ndipo banja limene njovu yapha bambo wake, kaya ndi la kwa Chulu kapena la ku Lumezi, likadandaule kwa yani ndipo lidzalandira chiyani. Inu mafumu a m'malire, musalole kuti misonkhano ya nkhalango zimenezi izichitika inu kulibe.